Dzino la Nangumi ndi Mapepala Awiri

Tabua inadziwika kuti yasowa Lachisanu m'mawa, tsiku lomwe banja la a Apisai linkayenera kukwera sitima kupita kukamufunsira mbeta mwana wawo Eroni. Mfuu ya a Asenaca, mayi ake a mnyamatayo, inamveka mudzi wonse wa Matanivonu, kuyambira kutchalitchi mpaka kudoko, n'kulowanso m'kalasi momwe aphunzitsi a Torika ankaphunzitsa kuwerenga.

M'mawa umenewo a Torika anali atawapatsa ana nkhani ziwiri za namondwe mmodzi. Ina inali ya m'nyuzipepala, ina inali yosimba msodzi yemwe namondweyo anamupeza panyanja. Pabolodi anali atajambula mabwalo awiri olowerana pakati.

"Musathamangire kunena kuti wonama ndi uyu," ankatero. "Yambani mwawerenga yoyamba payokha, muimvetse. Kenako yachiwiri payokha. Mukatero ndiye muzigoneke pamodzi ngati ana amapasa, muone pomwe zafanana, pomwe zasiyana, ndi pomwe ina yakhala chete inzake ikuyankhula."

"Ndafa ine! Andivula! Dzino lapita!"

Ana onse anathamangira pazenera. A Torika anaika choko pansi. Ankadziwa kulemera kwa mfuu imeneyo. Popanda tabua, dzino la nangumi lomangidwa pachingwe cholukaluka, munthu sungatsegule pakamwa kwa eni mbeta. Ukhoza kupita ndi mikeka yodzaza boti, nkhumba zonona ndi mizu yaitali ngati mkono ya yaqona, mtengo wa chakumwa cha pamiyambo, iwo angokupatsa tiyi n'kukufunsa ngati kwanu mvula ikugwa.

Kopolo Waisale anafika dzuwa litakwera, pa boti la apolisi lomwe injini yake inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Chinali chimunthu chachitali, chifuwa ngati chitseko, dzanja lamanja lili m'mabandeji chifukwa cha mpira wa ragibi. Koma atangowaona a Torika panjira anavula chipewa, n'kuyamba kupisira malaya mu sulu yake, nsalu yomwe amuna a kumeneko amavala m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?"

"Ndadzuka, a Kopolo. Ndaona kuti mpaka pano malaya amakukanabe."

"Amakana akakuonani inu basi," anaseka Waisale. "Tiyeni limodzi. A Nei Asenaca ndekha sindingawathe." Nei ndi momwe achinyamata ankaitanira amayi akuluakulu, pomwe abambo akuluakulu ankawati Momo.

* * *

Anawapeza a Asenaca atakhala pakati pa nyumba, miyendo atatambasula, bokosi lamatabwa lili yasa patsogolo pawo. M'mbali monse munali mitolo ya mikeka yatsopano yoyembekeza sitima.

"Waisale mwananga, dzino limenelija linachokera kwa agogo awo a bambo akewa! Dzulo m'mawa ndinalipukuta ndekha ndi mafuta mpaka linawala, ndinalikulunga m'nsalu yofiira, ndinaliika pansi penipeni. Masana ndinapita kukaphika ndi amayi anzanga. Lero ndikuti nditsegule, pululu! Nsalu mulibe, dzino mulibe! Ndikaima bwanji pamaso pa makolo a mbetayo, Salanieta? Ndikawasonyeza mano anga omwewa?"

"Bokosili lili ndi kiyi, Nei?"

"Kiyi wachiyani m'nyumba ya mlaliki?"

"Analowa muno ndani masanawo?"

"Manasa! Ndinamutuma ndine kuti atute mikeka kuchokera kuholo. Mwana ndinkamupatsa nsomba ndi manja angawa. Wina aliyense kunalibe. Bambo akewa akuti anali kugombe ndi achimwene anga."

A Torika anayang'ana pakona pomwe panakhala a Apisai. Bamboyu anali mlaliki woti akayamba kupempherera chakudya, nsomba zinkazizira m'mbale. Lero anali duu, maso ali kudenga ngati akuwerenga malata. Panja, pafupi ndi khomo, panaima a Semesa, mchimwene wawo wa a Asenaca, mmisiri wa maboti yemwe mkazi wake anamwalira kalekale. Anali munthu wa mawu ochepa ngati amachita kugula. Maso awo atangokumana ndi a a Torika, a Semesa anatembenuka n'kukazimiririka kuseri kwa nyumba.

Waisale anakweza dzanja lake lamabandeji. "Momo Apisai, ine kulemba sindingathe. Tengani mapepala awa. Inu ndi a Momo Semesa, aliyense alembe zomwe anachita dzulo."

Anawasiya alamu awiriwo pamkeka umodzi pansi pa mtengo wa mango, iye n'kutsatira fungo la nsomba yophika m'mkaka wa kokonati lomwe linkachokera kukhitchini.

* * *

Ana atatuluka kukapuma, Waisale anasandutsa kalasi ya a Torika kukhala polisi. Manasa anakhala pakampando ka mwana, mawondo ali m'khosi. Anali mnyamata woyendetsa boti, wodziwika ndi nthabwala, koma tsikuli milomo inali itauma.

"Aphunzitsi, inu mukundidziwa," anatero. "Sabata yamawa ndikukayamba ntchito pasitima yaikulu kumzinda wa Suva. Akangomva kuti dzina langa lafika kupolisi, basi, yatha. Ine ndibe tabua? Ndikafunsire nayo ndani? Ngakhale nkhuku yakwathu imandithawa!"

"Tiuze zomwe unaona," anatero a Torika.

"Ndinatuta mikeka, n'zoona. Koma polowa ndi mtolo womaliza ndinawapeza a Momo Apisai atakhala pabokosi lomwelo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, thukuta lili kamukamu. Ndinawapatsa moni, iwo anangoonjezera mawu. Ndinaika mikeka n'kutuluka."

Waisale anapukusa mutu. Anatulutsa mapepala awiri m'thumba n'kuwaomba patebulo. "Mphwanga, ndikufuna ndikukhulupirire. Koma akuluakulu awiri alemba apa kuti masana onse anali kugombe. Mawu awo a za masanawo agwirizana ndendende, ngakhale liwu limodzi losiyana palibe. Iwe uli wekha. Sitima ikamanyamuka madzulo ano, tikwera limodzi."

"Wati ndendende?" anafunsa a Torika.

"Ndendende, Aphunzitsi."

A Torika anavala magalasi awo. "Manasa, pita ukakhale pakhonde. Waisale, fufuta bolodilo, usiye mabwalo okhawo."

* * *

Anayamba ndi pepala la a Apisai, lodzaza mpaka m'mphepete, zilembo zake zopindikapindika ngati mphukira za maungu. Anawerenga mokweza:

"Ine Apisai, mlaliki wosayenera, ndikulemba ndi mtima woyera ngati mchenga wa kugombe. Dzulo ndinadzuka ndi nyimbo pakamwa. Chakumasana kunabwera tavale wanga, ndiye kuti mlamu wanga Semesa, atavala sulu yake ya Lamulungu ndi malaya oyera, atadzola mafuta onunkhira ochuluka moti njuchi zinkamulondola, ndevu atameta mpaka kudzicheka. Ndinamuthandiza kulongedza dengu lake, poti manja ake ankanjenjemera ngati tsamba. Kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka linapendeka, ife awiri tinali pansi pa mtengo wa kokonati wopindika uja, tikusoka ukonde mwamtendere ndi mwachikondi cha pa abale, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndikulimbikitsa mkazi wanga wokondedwa kuti asataye mtima, pakuti chobisika chidzaoneka, mwinanso lero lomwe sitima isananyamuke."

Anaika pepalalo pansi. "Linalo usaligwire kaye. Ili lokha. Walemba ndani, akulembera ndani, ndipo akufuna chiyani?"

Waisale anakanda m'mutu ndi dzanja lamanzere. "Alemba a Momo Apisai, akulembera ine." Anaima kaye, n'kuyang'ananso kumapeto. "Ayi. Ine sakundiona n'komwe. Akulembera a Nei. Akufuna kuwaziziritsa mtima."

"Eya. Tsopano linalo."

La a Semesa linali ndi mizere yochepa, zilembo zake zoongoka ngati misomali:

"Ine Semesa. Ndinadzuka. Ndinakumba chinangwa. Ndinasamba. Ndinakapereka chinangwa. Kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka linapendeka, ife awiri tinali pansi pa mtengo wa kokonati wopindika uja, tikusoka ukonde mwamtendere ndi mwachikondi cha pa abale, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Madzulo sindinadye. Manasa si wakuba. Basi."

"Awa akufuna kuthana nazo msanga," anatero Waisale asanafunsidwe. "Komanso akufuna kumuchotsa Manasa m'madzi."

A Torika anamupatsa choko. "Pakati pa mabwalowo, pomwe alowerana, uikepo zomwe zafanana."

"Za ukondezo."

"Tangondiwerengera chiganizocho kuchokera m'pepala la a Semesa. Mokweza. Yerekeza kuti ndiwe iwowo."

Waisale anatsitsa mawu, nakwinya nkhope ngati a Semesa. "Ndinasamba. Ndinakapereka chinangwa. Kuyambira dzuwa lili paliwombo…" Atafika pa chikondi cha pa abale anaphulika ndi chiseko mpaka kugwira tebulo. "Aphunzitsi! A Momo Semesa chibadwire sananenepo mawu ochuluka chonchi mpweya umodzi! Ngakhale paukwati wawo akuti anangogwedeza mutu!"

"Ndiye mawuwo ndi a ndani?"

"A mlaliki. Anachita kuwauza zolemba."

"Anthu awiri akaona chinthu chimodzi," anatero a Torika, "amachisimba mosiyana. Wina akumbuka mphepo, wina akumbuka njala. Ukaona nkhani ziwiri zafanana ngati mazira a nkhuku imodzi, usati wapeza mboni ziwiri. Wapeza mboni imodzi ndi mthunzi wake."

Waisale anali atatenthedwa tsopano. Choko chinkalira pabolodi, zilembo za dzanja lamanzere zikupita uku ndi uku. Kubwalo la a Apisai analemba za malaya oyera, mafuta ndi dengu. Kubwalo la a Semesa analemba za chinangwa, za kusadya, ndi za Manasa.

"Malaya oyera," anatero akubwerera m'mbuyo. "Ndani amasoka ukonde wonunkha nsomba atavala za Lamulungu? A Momo Apisai bodza analikonza bwino, koma sakanatha kudziletsa kumuseka tavale wawo. Chipongwe chawaulula."

"Nanga chomwe sichinalembedwe? Mvetsera pomwe pali chete."

Wapolisiyo anayendetsa chala papepala lalitali lija kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereza. "Mwini dzino salira. Mawu oti kuba mulibemo. Mawu oti tabua mulibemo. Akuti chobisika, ndipo akudziwa ndi tsiku lomwe chidzaoneke!" Anatembenukira kupepala lalifupi. "Awanso akuti Manasa si wakuba. Sakuti ndikuganiza. Akudziwa."

"Chotsa chiganizo chobwereka chija m'pepala la a Semesa. Chatsala n'chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Munthuyu kunama satha. Taonani, walemba yekha kuti ndinakapereka, pomwe pansi pake akuti sanasunthe phazi." Waisale anagwira mapepala onse awiri, lina uku lina uku, n'kuwayandikizitsa pang'onopang'ono. "Aphunzitsi, ili lili ndi dengu lopanda katundu. Ili lili ndi katundu wopanda dengu. Tikawaphatikiza, ndi dengu la chinangwa. Koma chinangwa chimafuna anthu awiri kulongedza? Chimanjenjemeretsa manja? Pansi pa dengulo panali china." Anaomba bolodi mpaka fumbi linabuka. "Tikapeza yemwe analandira chinangwacho, tapeza dzino!"

A Torika anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya diresi, ngakhale anali oyera kale.

Iwo ankamudziwa wolandirayo. Dzulo, akuweruka kusukulu, anawapeza a Semesa pachipata cha mpanda womwe ankakhalamo ndi achimwene awo a Inoke chimwalirire amuna awo. Anali atavala malaya oyera, fungo la mafuta likumveka munthu uli patali. Anafunsa ngati a Inoke analipo. A Torika anayankha kuti anapita kumunda wakuphiri, akagona komweko. A Semesa anaima kukamwa kuli yasa, kenako anawakankhira dengu m'manja, anati, "Chinangwa," n'kuliyatsa liwiro ngati awona njoka. Dengulo a Torika analiika pakona m'khitchini osaligwiranso.

Ndipo mwamuna wovala za Lamulungu pakati pa sabata, atanyamula tabua, akufuna mlongo wake wa mkazi wamasiye, amakhala wabwerera chinthu chimodzi chokha.

"Aphunzitsi, mwatani? Nkhope yanu…"

"Kwatentha," anatero a Torika. "Tiye tikaone kaye ukondewo. Nkhani ikanena za chinthu chooneka, umapita kukachiona."

* * *

Pansi pa mtengo wa kokonati wopindika anawapeza alamu awiri aja ali kalikiliki kusoka. Ukondewo unali ndi chibowo choti nkhumba n'kudutsa osakhudza ulusi.

"Mwagwira ntchito, Momo," anatero Waisale mwaulemu, akusuzumira pachibowocho. "Masana onse a dzulo, n'kutsala pang'ono chonchi?"

"Ntchito ya chikondi sithamanga, mwananga," anayankha a Apisai. "Ndiponso usiku kunabwera nkhanu, zazikulu, zopanda mantha ndi Mulungu…"

"Momo, dengu lija munalongedzamo chiyani?"

Singano inagwa m'manja mwa a Apisai. "Dengu liti?"

"Lomwe mwalemba nokha."

A Apisai anatembenukira kwa mlamu wawo. "Tavale, ndinalemba za dengu ine?"

"Unalemba," anatero a Semesa. "Ndinakuuza. Umachulutsa."

"Ine kuchulutsa? Ukanakhala kuti iwe unatsegula pakamwa dzulo, bwenzi pano tikumwa yaqona! Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kuthawa mzimayi ngati mwana wa sukulu!"

Apa m'pamene anazindikira kuti mzimayiyo anali ataima pomwepo. Anatseka pakamwa ndi dzanja. A Semesa anayang'ana nyanja ngati akuyeza ngati angathe kusambira mpaka ku Suva.

"Fotokozani bwinobwino, Momo," anatero Waisale. "Mnyamata wakhala pakhonde la sukulu uko ntchito yake ili pachiswe."

A Apisai anausa moyo. "Nzeru inali yabwino, mwananga, ungoimva. Tavale wangayu wakhala akuonda chaka chonse. Tabua yakeyake alibe. Ndiye ndinati, tenga yangayi, ukaipereke kwa a Inoke, ukapemphe dzanja la mlongo wawo. A Inoke akailandira, madzulo ake ine ndipita kukawapempha kuti andithandize tabua ya ulendo wa Eroni. Mnansi akapempha sakanizidwa, si mwambo wathu? Dzino limodzi, maukwati awiri! Amayi akunyumba osadziwa kanthu! Ndinaitulutsa m'bokosi, Manasa n'kulowa, ine n'kuikhalira n'kuyamba kuimba. Zonse zinayenda bwino mpaka chitsiru ichi chinakapereka dengu lonse ndi dzino lomwe, pakamwa osatchula kanthu koma chinangwa."

"Bwanji osakalitenga?"

"Ndinamuuza apite madzulo, anakana. Tinati tikalitenge lero aphunzitsi ali m'kalasi. Koma amayi anatsegula bokosi tisananyamuke n'komwe. Ndipo iwe ukuwadziwa a Nei ako akakuwa. Ine ndinayesa kuyankhula, mawu anathawira m'mimba."

Waisale anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana a Semesa, anayang'ana a Torika, masaya ake akunjenjemera polimbana ndi chiseko.

"Aphunzitsi," anatero, "pepani kwambiri. Zikuoneka kuti ndiyenera kuchita chipikisheni m'khitchini mwanu."

"Ukaseka, ndikugwaditsa pamchenga pompano," anatero a Torika. "Tiye."

* * *

Ku Matanivonu nkhani imayenda msanga kuposa munthu. Pomwe ankafika pachipata cha a Torika, theka la mudzi linali kumbuyo kwawo, a Asenaca ali patsogolo atamanga nsalu m'chiuno, Manasa ali pambali pawo. A Inoke nawo anali atangotsika kuphiri, chikwanje chili m'manja, akudabwa kuti kwawo kwagwanji.

Waisale anatulutsa dengu n'kuliika pabwalo. Anachotsa chinangwa chimodzichimodzi. Pansi panaoneka nsalu yofiira. Ataifunyulula, dzino lija linang'anima padzuwa, lachikasu ngati uchi, chingwe chake chili chilukire.

Anthu anaomba m'manja. A Asenaca analilanda n'kulikumbatira pachifuwa, misozi ili chuchuchu. Kenako anapukuta m'maso, n'kuyang'ana amuna awo.

"Bambo a Eroni."

"Amayi, Malemba amati…"

"Malemba muwasiye apume. Ine ndakuwa mpaka kukhosi kwauma, ndamunamizira mwana wa eni ake pamaso pa mudzi, inu muli phee kuwerenga malata?" Anatembenukira kwa Manasa, mawu awo n'kufewa. "Mwananga, ndakulakwira. Pakamwa pangapa panathamanga. Sitima isananyamuke, awiriwa abwera kwa amayi ako ndi mizu ya yaqona, adzagwada, adzapepesa mudzi wonse ukuona. Ine ndidzakhala kumbuyo kwawo, nanenso ndidzagwada."

"Nei, zatha," anatero Manasa, kumwetulira kutabwerera. "Koma a Momo adzaimbenso nyimbo ija. Inandikhudza."

Chiseko chinabuka. Waisale anapinda mapepala aja n'kuwabweza m'thumba. "Mwini katundu akadzibera yekha, boma lilibe mlandu. Mlandu wotsalawu ndi wa a Nei, ndipo a Momo ndikuwamvera chisoni."

"Koma dikirani," anatero a Inoke, omwe mpaka pano ankangoyang'ana uku ndi uku. "Dzinoli linabwera kudzatani pakhomo panga?"

A Asenaca anayang'ana achimwene awo a Semesa, malaya a dzulo aja akadali pathupi, chilonda cha lezala chili pachibwano. Anayang'ana a Torika. Pakamwa pawo panatseguka pang'onopang'ono.

"Achimwene! Inuyo? Aphunzitsi?" Anakhala pansi n'kuyamba kumenya nthaka ndi dzanja, akuseka mpaka kutsamwa. "Chaka chonse ndimati mukudwala m'mimba! Ndakhala ndikukuphikirani masamba owawa!"

A Apisai anaona mpata. Anakonza kukhosi, natambasula manja. "Abale ndi alongo, popeza tonse tasonkhana, ndiloleni ndiyankhule m'malo mwa tavale wanga, amene mtima wake…"

"A Apisai," anatero a Torika, "mwalemba kale zokwanira lero."

Anayenda n'kukaima patsogolo pa a Semesa. Mtima wawo unkagunda ngati ng'oma ya kutchalitchi, koma mawu anatuluka a m'kalasi. Munthu ameneyu ndi yemwe anawakhomera denga namondwe atalisasula, osalandira kanthu. Ndi yemwe ankakonza mabenchi a sukulu asanathyoke n'komwe. Iwo ankati ndi kukonda sukulu.

"A Semesa, dzulo munandiuza liwu limodzi. Linali lomwelo basi?"

A Semesa anayang'ana zala za kumapazi, anayang'ana kumwamba, kenako anawayang'ana a Torika m'maso.

"Ayi," anatero. "Ndimakukondani. Ndikufuna ndikukwatireni. Ndikaona nyale yanu yayaka, ndimadya bwino."

Amayi analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. A Inoke anaponya chikwanje pansi n'kugwira m'chiuno. A Torika anadikira phokoso lithe.

"Dzino ilo ndi la Eroni ndi Salanieta, lipite kwa eni ake," anatero. "Ine sindifunsiridwa ndi chobwereka. Mukapeza lanulanu, achimwene anga ndi awa, mudzawapeza pakhomo. Ndidzaonetsetsa ndine kuti tsiku limenelo asapite kumunda."

Anawerama, natola chinangwa chija n'kuchibwezera m'dengu. "Ichi chokha ndiye sindibweza."

* * *

Madzulo doko linadzaza. Mikeka inakwezedwa, nkhumba zinakwezedwa zikulira, Eroni ali ndi nkhata ya maluwa m'khosi. A Asenaca anakwera tabua ataimangirira m'chiuno, atalumbira kuti saimasula mpaka pamaso pa makolo a Salanieta. A Apisai ankawatsatira atasenza mitolo yonse yolemera, mawondo akadali ndi fumbi la kwa amayi ake a Manasa. Anyamata ankaimba ndi magitala, Waisale akuvina dzanja lamabandeji lili m'mwamba.

Sitima italiza lipenga, munthu wina anadutsa pakati pa gululo akuthamanga, kachikwama kali kukhwapa. Anali a Semesa. Anadumphira pathabwa lokwerera amalinyero atayamba kale kulikoka.

"Momo, inu simunali paulendowu!" anakuwa woyendetsa sitima ali pamwamba. "Mukupita kuti?"

"Kwa azibale anga, kutsidya."

"Kukatani?"

A Semesa anagwira chitsulo cha m'mbali mwa sitima, natembenukira kudoko komwe a Torika anaima pakati pa ana awo a sukulu. Munthu yemwe mudzi sunamumvepo akukweza mawu anakuwa mpaka mbalame zinauluka pamitengo:

"Kukafuna dzino! A Inoke, musapite kumunda!"